Ketulo ya a Januario

Musanakhazikike bwino, ndimasulireni kachilape aka kaye, inu amene munapita kusukulu mpaka nsapato kutha. Pali ana awiri, mayi wawo ndi mmodzi, dothi. Wamkulu ndi wakuda, wolemera, ukamuika pamoto amachedwa kupsa mtima, koma akapsa mtima sazizira msanga. Mvula ikamupeza panja amatuluka mphere zofiira mpaka thupi lonse kutha. Wamng'ono ndi woyera, wopepuka ngati lonjezo la mwamuna wa pa bala, amatentha msanga, amazizira msanga, ndipo mvula kwa iye ndi kusamba chabe. Ndani ana amenewa? Mwakanika? Ng'ombe yondilipirayo isungeni, ku Ndirande kulibe khola. Wamkulu ndi chitsulo chenicheni, chija cha makasu ndi mageti. Wamng'ono ndi aluminiyamu, uja wa mapoto. Mayankhowo aikeni m'thumba, muwafuna kutsogoloku.

A Jesinta anali mayi wamasiye wa ku Ndirande, kwawo ku Nsanje. Amuna awo, a Januario, anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo monga achitira anthu a kumunsi kwa Shire, thupi linapita kukagona kumudzi kwa mwamuna. Chaka chilichonse Novembala akangoyamba, nthawi imene Akatolika amakumbukira akufa awo, a Jesinta ankamanga kakhasu ndi kandulo m'chitenje, n'kukwera minibasi yotsika phiri la ku Chikwawa, kukalambula manda ndi kucheza ndi amuna awo.

Chaka chathachi zinawavuta. Madzi osefukira anali atadutsa kumandako kawiri, ndipo mitanda yonse ya chitsulo inali itafiira mofanana ngati ana amapasa, mayina atadyedwa ndi dzimbiri. A Jesinta sukulu anailekera pakhomo, koma chilembo chimodzi ankachidziwa ngati nkhope ya mwana wawo: chija chopindika ngati mbedza, choyamba pa dzina lawo ndi pa dzina la amuna awo. A Januario ankakonda kunena kuti mbedza ziwiri zinakolana, palibe amene anawedza mnzake. Tsiku limenelo mbedza sinaoneke pa mtanda uliwonse. Anasankha manda amene mtima unawalozera, analambula, anayatsa kandulo, n'kugwada. Anafotokoza za chaka chonse: denga likudontha, bondo likuvuta, mwana wa ku Lilongwe foni saimba, ndiponso kuti mbali ya kukhoma ya bedi mpaka lero sagonako. Atamaliza, mayi wina amene anaima kumbuyo kwawo mwaulemu anatsokomola.

"Zikomo mayi potilambulira. Koma agona apawa ndi apongozi anga, ndipo anali ogontha kuyambira ali moyo."

A Januario anali pa manda achitatu kuchokera pamenepo, udzu utawafika m'khosi.

Inu sekani, nanenso ndinaseka, koma a Jesinta sanaseke. Njira yonse yobwerera ku Blantyre ankangoona amuna awo atagona chete kumvetsera mkazi wawo akuuza munthu wachilendo nkhani za kuchipinda. Anatsimikiza mumtima kuti Novembala wina asafike dzina la a Januario lisanaimirire poti ngakhale wa diso limodzi alione.

Mtanda wodyedwa ndi dzimbiriwo anaika ndi a Dennis, mng'ono wa malemu. A Dennis anakhalako ku Joni miyezi isanu ndi inayi, koma mukawamva akufotokoza mungati dzikolo analimanga ndi iwo. Ati anagwira ntchito m'migodi, ati zitsulo zonse amazidziwa pongonunkhiza. Tsiku loika mtandawo anaumenya ndi chikhatho pamaso pa anthu n'kunena kuti uwu udzaima mpaka lipenga lomaliza. Lipengalo lisanagulidwe n'komwe, mtanda unali utatha.

Tsiku lina m'mawa m'mwezi wa Okutobala, a Jesinta anasenza kathumba n'kutsikira kuseri kwa msika, kumene Che Majidi amaumba mapoto. Che Majidi ndi Myao wa ndevu zoyera, ntchito yawo ndi kusungunula aluminiyamu wakutha n'kumuthira m'chikombole cha mchenga. Ng'anjo yawo ndi dzenje la makala, mphepo yake imachokera ku gudumu la njinga limene amapukusa ndi dzanja.

"Che Majidi, ndikufuna mtanda wa pamanda. Kaya Chisilamu chikulolani?"

"Mayi, mchenga sudziwa tchalitchi kapena mzikiti. Chimene mwaudinda ndi chimene umabereka. Mwabweretsa chiyani?"

A Jesinta anamasula kathumba n'kutulutsa simbi ya makala, yakuda, chogwirira chake chitasalala ndi dzanja la munthu mmodzi. A Januario moyo wawo wonse ankachapa ndi kusita zovala za mabwana ku Chinyonga, ndipo simbi imeneyi inali ngati dzanja lawo lachitatu.

"Ndikufuna musungunule iyi. Muli thukuta lawo. Akhale ndi chinthu chawo kumutu."

Che Majidi anatenga kachitsulo kozungulira kamene kanali kolendewera pa msomali, maginito ochotsa m'sipika ya wailesi yakufa, n'kukayandikiza ku simbi ija. Kanalumpha kokha n'kumata, kha.

"Mwamva? Ichi ndi chitsulo chenicheni. Maginito ndi chibwenzi chake, akaonana salekana. Moto wangawu ichi sungachithe. Ndikhoza kupukusa gudumu mpaka phewa kuguluka, chidzangofiira n'kumandiyang'ana. Komanso tinene kuti chasungunuka, mukachiika ku Nsanje, mvula ziwiri zokha dzimbiri labwerera. Mufuna mukagwadirenso apongozi a eni?"

Nkhani ija inali itafika kale mumsika. Ku Ndirande chinsinsi chimayenda pa kabaza.

"Ndiye chitsulo ndi chachabe?" anafunsa a Jesinta, atakhumudwa ngati anyozeredwa mwamuna.

"Ayi, mayi. Khasu la aluminiyamu lingapindike pa mzere woyamba. Mpeni wake sungadule ngakhale phwetekere. Simbi yake ingazizire musanamalize kolala imodzi. Chitsulo ndi cha ntchito yolimba, ndipo chimasunga kutentha. Koma chimafuna munthu wochisamala, wochipukuta, wochilowetsa m'nyumba mvula ikamabwera. Mukachisiya chokha kutchire chimadzidya ndi chisoni. Aluminiyamu ndi wofewa, inde, koma kukhala yekha panja amatha. Amangochita mbuu pang'ono, basi, dzina likuwerengeka."

A Jesinta anasisita chogwirira cha simbi. Ankadziwa za kusunga kutentha kuposa Che Majidi. M'nyengo ya chiperoni, a Januario akamaliza kusita m'mawa ankakhuthula makala, n'kukulunga simbi m'thaulo lakale, n'kuiika pa bondo la akazi awo asanatuluke. Munthu ankafika ku Chinyonga wapansi simbi ikadali yofunda. Mpaka lero a Jesinta ankadzichitira okha zimenezi, koma bondo linkadziwa kuti dzanja lasintha.

"M'nyumbamo mulibe chinthu chawo choyera, chopepuka?" anafunsa Che Majidi. "Tengani kamaginitoka, ndili nato tambiri. Kayendeni nako m'nyumba. Chimene kakane kumata, bweretsani."

A Jesinta anamanga kamaginito pa ngodya ya chitenje, pamene amayi amamangapo ndalama za minibasi, n'kubwerera kwawo. Anayenda nako nyumba yonse ngati sing'anga wofufuza nyanga. Pa bedi, kha. Pa lumo lometera, kha. Pa loko wa sutikesi, kha. Pa lamba wa tchalitchi, kha. Zinthu za a Januario zonse zinali zokakamira ngati mwini wake. Kenaka anafika pa ketulo.

Ketuloyo inali yakale, yotiwizika mbali imodzi, chivundikiro chake chomangidwa ndi waya. A Januario anaigula ndi malipiro awo oyamba, asanagule ngakhale mpando. Zaka makumi atatu ndi zinayi inkawira m'mawa uliwonse, ndipo inali ndi kulira kwake, chivundikiro chikamanjenjemera ngati mano a munthu wozizidwa. A Januario akamva kulirako ankati, "Mkazi wamng'ono akundiitana." Kuyambira pamene anamwalira, a Jesinta sanaphunzire kuyeza madzi a kapu imodzi. Ankathirabe a makapu awiri, yachiwiriyo n'kumwa okha itazizira.

Anayandikiza kamaginito. Kanatsetsereka n'kugwa pansi. Anayesanso kumbali, kunsi, pa mlomo. Kanakana.

Anakhala pa mpando nthawi yaitali ketulo ili pamiyendo. Simbi akanaipereka mosavuta, chifukwa simbi inali ya ntchito. Koma ketulo ndi imene inkalankhula m'nyumbamo. Popanda iyo, m'mawa mukanakhala zii ngati m'kalasi pa holide. Masiku atatu anaibisa kuseri kwa ndowa, ngati kuti Che Majidi abwera ndi apolisi. Tsiku lachinayi anawiritsa tiyi wa makapu awiri, anamwa onse ali wotentha, anatsuka ketulo ndi phulusa mpaka kuwala, n'kupita nayo.

"Iyi yokha siikwana," anatero Che Majidi akuiyeza m'manja. "Ndiwonjezera mapisitoni awiri a minibasi yakufa. Nawonso ndi aluminiyamu."

"Minibasi? Munthu amene ankayenda wapansi moyo wake wonse kuopa kuwononga?"

"Ndiye akwere tsopano. Mpando wa kutsogolo."

Kalipentala wa pafupi anali atasema kale mtanda wa thabwa, zilembo zotumphuka, mbedza ili patsogolo. Che Majidi anaudinda mumchenga wonyowa pang'ono, anapondaponda, anauchotsa mosamala, n'kutseka chikombole. Kenaka gudumu linayamba kuzungulira. A Jesinta anaima chapatali, manja kumbuyo. Anaona ketulo ikukhala pa moto monga inkachitira masiku onse, ngati ikudikira madzi. Kenaka inagwada mbali yotiwizika ija, mlomo unawerama, ndipo mosakhalitsa inali madzi owala ngati mwezi uli m'chitsime. Inasungunuka mosavuta, mopanda kulira. Zimenezi ndi zimene zinawapweteka kwambiri.

Madzulo asanafike mtanda unali utatuluka mumchenga. Che Majidi anaupala ndi tupa, nawauza kuti akauzike mu simenti kuopa anyamata otola zitsulo. A Jesinta anayendetsa chala pa mbedza ija. Inali ikadali yofunda pang'ono, koma pofika kunyumba inali itazizira.

Tsopano apa ndi pamene panali phiri. Kwawo kwa a Jesinta, manda a mwamuna ndi a abale a mwamuna. Mkazi akhoza kulira, akhoza kulambula, koma kuzula mtanda n'kuika wina popanda mawu a eni mbumba ndi mlandu. Wamkulu wotsala m'banjamo anali a Ellen, mlongo wa malemu, mayi wa ku Bangwe wosaseka ndi anyani. A Jesinta anawatumizira uthenga. A Ellen anauza a Dennis. A Dennis anati aliyense asagwire kanthu, abwera okha ndi chinthu chimene Nsanje sinaonepo.

Anakumana Loweruka masana pakhonde pa a Jesinta. A Dennis anafika atavala jekete dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, atasenza chinthu chokulungidwa m'nyuzipepala. Anayamba ayang'ana mtanda wa a Jesinta umene unatsamira khoma.

"Alamu, ichi n'chiyani? Mkulu wanga, munthu wolemekezeka, agone ndi poto kumutu? Anthu akamadutsa azifunsa ngati ndiwo zapsa?"

"Ndi ketulo yawo ija, alamu," anatero a Jesinta motsitsa mawu.

"Ndiye mwaonjeza. Zitsulo si za amayi izi. Ine ndagwira zitsulo pansi pa nthaka, kumene dzuwa silidziwa. Aluminiyamu alipo wamitundu. Uyu wa ku Ndirande ndi wa osauka. Onani uyu."

Anang'amba nyuzipepala. Panatuluka mtanda wautali wa mapaipi, pakati pake chimbale chachikulu cholembedwa dzina ndi penti yakuda, wonse ukuwala mpaka a Ellen anaphimba maso. Amayi awiri a nyumba zoyandikana, amene ankadutsa ndi zidebe, anapeza chifukwa choimira.

"Aluminiyamu wa ndege," anatero a Dennis. "Phiko lenileni. Anandibweretsera mnzanga wa ku Joni. Uyu dzimbiri likamuona limathawa. Mvula, madzi osefukira, zaka handiredi. Ndamununkhiza ndekha."

"Paja wakale uja munatinso lipenga lomaliza," anatero a Ellen.

"Uja anandinamiza ndi owotcherera, asisi. Uyu ndasankha ndi mphuno yangayi."

A Ellen anayang'ana mitanda iwiriyo. Wa a Jesinta unali waufupi, wotuwa, wokhakhala m'mbali. Wa a Dennis unkaoneka ngati wa bishopu. A Jesinta anaona maso a mlamu wawo wamkazi akutsamira kowala, ndipo mtima unawagwa. Ketulo yapita, ndipo dzina lidzadyedwanso. Koma mkazi wokwatiwa satsutsa mlamu wake pamaso pa anthu. Anangoti, "Ndikupatseni madzi akumwa," n'kudzuka.

Podutsa pafupi ndi mtanda wa ndege uja, ngodya ya chitenje chawo inanyamuka yokha ngati mchira wa mbuzi. Kha.

A Jesinta anaima. Kunena zoona, sindikudziwa ngati anadutsira pafupi mwangozi. Khondelo ndi lalikulu ndithu, njira inalipo ina.

"Pepani alamu, ndege yanu yandigwira."

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa a Ellen.

A Jesinta anamasula mfundo n'kuwaonetsa kamaginito. "Anandibwereka Che Majidi. Ine sindidziwa zambiri, sukulu sindinapite. Angoti aka kamakonda chitsulo chochita dzimbiri, aluminiyamu kamadana naye. Kaya, mwina kasokonezeka ndi kutentha."

A Ellen anatambasula dzanja. Anaika kamaginito pa mtanda wa ketulo, kanagwa pansi. Anatola, anaikanso, kanagwanso. A Jesinta anatulutsa simbi m'nyumba mosauzidwa. Kha. Kenaka a Ellen anatembenukira ku phiko la ndege, ndipo kamaginito sikanadikire n'komwe kufika, kanachoka m'zala zawo kokha. Kha.

"Dennis."

"Asisi, ndege imakhala ndi mphamvu ya magetsi. Ndi chifukwa chake imauluka. Zimenezi ndi sayansi, simungazimve."

"Mlamu, ndipatseni mpeni."

A Ellen anapala paipi ndi mpeni wosendera mbatata. Penti yasiliva inasupuka ngati khungu la njoka, ikununkha kuti yapakidwa dzana, ndipo pansi pake panaoneka mphere zofiira zija ndinakuuzani poyamba. Sanalekere pomwepo. Anatembenuza mtanda kuti aone kumbuyo kwa chimbale. Kumeneko wopaka anaumira penti, anangodutsitsa kamodzi, ndipo padzuwa zilembo zakale zofiira zinkaonekera bwinobwino. A Ellen anapita kusukulu ya masisitere, amawerenga mokweza ngati kalata ya Paulo.

"Chenjerani. Muno muli galu wolusa."

Kuseka kunaphulika pakhonde. Anayamba ndi mmodzi wa amayi a zidebe aja, amene anakhala pansi m'fumbi chidebe chili pamutu. Mnzake anagwira khoma. A Ellen, amene anthu a ku Bangwe sanaonepo mano awo, anaseka mpaka duku kugwa.

"Ndege ya ku Joni imakhala ndi galu, Dennis? Amalondera mitambo?"

"Mwina ndi geti la pa bwalo la ndege," anatero mayi wa pansi uja akupukuta misozi.

"Mkulu wako sanalumepo munthu moyo wake wonse, iwe ukufuna akagone ndi chikwangwani cha galu?" A Ellen anatola duku, anapuma, n'kuloza mtanda waufupi uja. "Mlamu, kulungani ketulo yanuyo bwinobwino. Tinyamuka limodzi pa wani Novembala, simenti ndigula ine. Mukawauze achimwene nkhani zonse zija munapatsa apongozi a eni."

"Takhuta," anathokoza a Jesinta m'chilankhulo cha kwawo. Kuseka kunawapeza mochedwa, ndipo kutabwera kunabwera ndi misozi, chifukwa munthu amene akanaseka kwambiri nkhani imeneyi, mpaka kutsamwa ndi tiyi, anali ku Nsanje. Anaisunga bwino mumtima kuti akaifotokoze yoyamba, asanayambe za denga.

A Dennis anati anthu osayenda ndi ovuta kuwaphunzitsa. Anasenza mtanda wawo paphewa, nyuzipepala itang'ambika kale, n'kutsika njira ya kumsika. Ndi ukali wawowo sanaone kuti chimbale chayang'ana kumbuyo, ndiponso kuti kamaginito kakadali pomwepo, kakukana kusiyana ndi chibwenzi chake. Amayi a pa mpopi anawerenga chikwangwani chikudutsa pa msana wa jekete, napatuka m'njira mwaulemu. Mmodzi anafunsa ngati analandira katemera. A Dennis anafulumiza miyendo, ndipo kuyambira pa mpopi mpaka pa siteji ya minibasi, Ndirande yonse inkawauwa.